Onyamula Mphasa: Phunziro la Matenda Aatali, Ukalamba ndi Mabwenzi

Werengani: Marko 2:1-12, Yobu 2:11-13, Rute 1:19-21, 2 Samueli 19:31-39

Pali ntchito imodzi imene ife a Chigwirizano timaidziwa koposa zonse, ndiyo ya pa maliro. Uthenga ukangomveka pa foni, dzuwa lisanalowe azimai adzaza kale pakhomo. Wina wabwera ndi mbaula, wina ndi thumba la malasha, wina wamanga chitenje m'chiuno ali pa mapoto. Timagona pansi mausiku atatu, timaimba mpaka mau kusasa, ndipo tsiku loika timaperekeza mnzathu ku Chingwere kapena ku Leopards Hill titavala yunifolomu yathu. Imeneyi ndi ntchito yabwino, ndipo isaleke.

Koma tiyeni tidzifunse. Mai amene tamuperekeza ndi nyimboyo anadwala miyezi ingati? Pa miyezi imeneyo ndani anali kulowa m'chipinda chake? Sabata yoyamba timapita gulu lonse, ndi nthochi ndi maheu. Sabata yachitatu amapita awiri. Pofika mwezi wachinai dzina lake limangomveka pa zolengeza za Lamulungu pamodzi ndi maina ena a odwala, ife n'kuvomera kuti "Ambuye awakhudze", basi. Sikuti ndife ouma mtima iai. Kazondedwe kathu ka odwala tinakazolowera m'masiku a malungo, pamene munthu anali kudwala sabata imodzi, n'kuchira kapena kumwalira. Matenda amene atizinga lero ndi a mtundu wina: BP, shuga, sitiroko, khansa, nyamakazi, kuiwalaiwala kwa ukalamba. Ngakhale HIV yasanduka matenda okalamba nao, kuyambira pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere m'dziko lonse mu 2005. Amene akulandira thandizo ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, amayenda ulendo wa kumeneko milungu ndi miyezi. Matenda anatalika, koma kuzonda kwathu kunatsala kwakufupi.

Anthu anai ndi denga

Marko akutiuza za munthu wofa ziwalo wa ku Kapernao. Werengani nkhaniyo modekha, muona chinthu chodabwitsa: kuyambira poyamba kufikira potsiriza wodwalayo sanena kanthu. Sapempha, sapemphera, sachitira umboni. Ali gone pa mphasa. Amene akugwira ntchito ndi anzake anai. Afika pakhomo, apeza anthu adzaza, polowera palibe. Nyumba za kumeneko zinali ndi denga lathyathyathya, la mitanda, nthambi ndi dothi, lokwerako ndi makwerero a panja. Anamukweza pamenepo, naboola denga, namtsitsira pamaso pa Yesu. Ndipo pa vesi 5 chikhulupiriro chimene Yesu anachiyang'ana ndi cha gulu lonselo, osati cha wodwala yekha.

Taganizani kulemera kwa munthu wamkulu amene sangathe kudzithandiza ngakhale pang'ono. Aliyense wa ife amene anatukulapo amuna ake kapena amake atachita sitiroko akudziwa. Munthu mmodzi msana ungathyoke. Awiri angafike pakhomo, koma padenga sangakwere. Panafunika anai, ngodya iliyonse ndi mwini wake. Makolo anati mutu umodzi susenza denga. Apa mitu inai inachita kulisasula. Ine ndimaganiza kuti m'mawa mwake anaiwo anabweranso ndi dothi kudzamata denga la eni ake, ngakhale Marko sananene.

Tikapita kwa wodwala timakonda kunena kuti "Limbani mtima, amai." Mau abwino ndithu. Koma kulimba mtimako akakutenge kuti munthu amene wachezera ndi ululu mausiku asanu? Timalankhula ngati kulimba mtima ndi ntchito imene wodwala ayenera kuigwira yekha, ndipo akalephera timayamba kunong'onezana kuti chikhulupiriro chao chachepa. Kumudzi, moto ukazima m'nyumba, munthu sanali kukhala pansi kudikira kuti phulusa liyake lokha. Anali kutuma mwana ndi phale kukapala moto kwa mnansi. Chiyembekezo nachonso chimazima, ngakhale mwa Mkhristu wa zaka 50 mu mpingo, ndipo chikazima chimapalidwa kwa anzako. Alipo masiku amene wodwala sangathe kupemphera. Pa masiku amenewo pemphero la mnzake wokhala pambali pa bedi ndilo pemphero lake.

A zaumoyo nawonso anafika pa mfundo yomweyi podzera njira yao. Mu 2010 mai wina wofufuza wa ku America, Julianne Holt-Lunstad, ndi anzake anasonkhanitsa zofufuza 148 zokhudza anthu opitirira 300,000. Anapeza kuti pa zaka zimene anthuwo anali kutsatiridwa, mwai wokhalabe ndi moyo wa amene anali ndi maubwenzi olimba unaposa wa anzao osungulumwa ndi 50 peresenti. Mu 2025 bungwe la World Health Organization linanena kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 alionse pa dziko lapansi ndi wosungulumwa. Palibe zamatsenga pamenepa. Nkhalamba yodya yokha imangotema mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Ikakhala ndi mnzake imatsiriza mtanda wonse. Bwenzi ndi amene amaona kuti botolo la mankhwala a BP lidakali lodzaza chonsecho mwezi watha. Ndi amene amaona kachilonda pa chala cha kuphazi cha munthu wa shuga kasanakule. Ndi amenenso amazindikira kuti pakamwa papotoka, dzanja lalefuka, mau sakumveka bwino, nathamangira galimoto nthawi yomweyo, pakuti pa sitiroko kuchedwa ndi maola owerengeka kungasiye munthu wolumala moyo wake wonse.

Mipanda yathu

Ambiri a makolo athu mu mpingo anachokera kum'mawa: ku Chipata, Katete, Petauke, Chadiza, chigawo chimene amishoni a mpingo wathu anayambirako ntchito pa Magwero mu 1899. Anabwera ku Lusaka kudzagwira ntchito ali ndi maganizo akuti akapuma adzabwerera kumudzi. Ambiri sanabwerere. Nyumba anamanga kuno, mpingo uli kuno, chipatala chili kuno, ndipo kumudzi amene anali kuwadziwa anatha. Enanso ndi aja anaika ana ao m'manda m'zaka za m'ma 1990, nalera adzukulu ndi ndalama za tomato ndi vitumbuwa. Lero ali ndi zaka 75 kapena 80, adzukulu aja anakula napita ku Solwezi, ku Johannesburg, ku London. Ndalama amatumiza pa foni, Mulungu awadalitse. Koma ndalama ya pa foni sitembenuza munthu pa bedi.

Kuno ku Emmasdale, monganso ku Woodlands ndi ku Kabulonga, nyumba zambiri zili m'mipanda yaitali ya njerwa, ndi geti lachitsulo. Mpanda umatchinga akuba, umatchinganso maso a anansi. Kutsidya kwa msewu, ku Chaisa kapena ku Mandevu, ambuya akapanda kutuluka kudzaothera dzuwa m'mawa, pofika 9 koloko wina wagogoda kale. M'mpanda munthu angagwe m'bafa n'kukhala pansi pomwepo mpaka madzulo. Choncho tisaganize kuti wosowa bwenzi ndi wosauka yekha. Mai wa penshoni yabwino, wa TV yaikulu ndi wantchito wobwera katatu pa sabata, angathe kutha masiku anai osamva munthu akumuitana ndi dzina lake.

Tionjezepo za makutu ndi maso. Mai wachikulire akasiya kubwera ku Chigwirizano timafulumira kunena kuti wafooka mu uzimu. Nthawi zina chifukwa chake n'chakuti sakumvanso zimene tikukamba, ndipo watopa ndi kumangomwetulira ena akamaseka. Kapena ng'ala yaphimba maso, akuopa kuoloka Great North Road pakati pa maminibasi. Ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo ku UTH kuli chipatala cha maso. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi munthu womugwira dzanja: kukwera naye basi yopita m'tauni, kukweranso ina yopita ku chipatala, kukhala naye pa mzere, ndi kumvetsera bwino zimene adokotala anena.

Masiku 7 a anzake a Yobu

Anzake atatu a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, timawadziwa ngati otonthoza oipa. Koma anayamba bwino kwambiri. Anapangana, anayenda ulendo, analira naye, nakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, ali chete. Zinthu zinaipa pamene anatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chimene Yobu anali kuvutikira. Machaputala ambirimbiri ali pa ntchito yofukula tchimo lobisika. Pa Yobu 42:7 amene Mulungu anawakwiyira ndi iwowo, osati Yobu amene anadandaula poyera.

Nafenso timaononga kuzonda kwathu ndi pakamwa pomwepo. Wina amafika n'kuyamba kusimba za mng'ono wake amene anadwala matenda omwewa namwalira pa milungu itatu. Wina amafunsa kuti kodi munakanganapo ndi ndani kumudzi. Wina amabweretsa muzu, wina madzi a m'botolo ochokera kwa mneneri, nauza wodwala kuti kumwa mapiritsi ndiko kukayika mphamvu ya Mulungu. Azimai, apa ndiye tiyenera kuima nji. Paulo, amene Mulungu anachiritsa anthu kudzera m'manja mwake, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto (2 Timoteo 4:20), analangiza Timoteo za vuto lake la m'mimba, ndipo anali kuyenda ndi Luka amene anali dokotala. Munthu wouza mnzake kusiya mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV wataya ngodya yake ya mphasa wodwala ali m'malere.

Dziko lathu lili ndi chitsanzo chimene sitiyenera kuchiiwala. Winstone Zulu, amene mu 1990 anakhala munthu woyamba mu Zambia kuulula poyera kuti ali ndi HIV, anali wolimba mtima ndiponso wodziwa zinthu. Komabe cha mu 2000 anamvera anthu ena ophunzira amene anali kunena kuti HIV siiyambitsa Edzi, nasiya mankhwala. Anadwala mpaka imfa anaiona ndi maso. Atayambanso kumwa mu 2002 anadzuka, napitiriza ntchito yolankhulira odwala HIV ndi TB mpaka pamene anamwalira mu 2011. Iye mwini anali kusimba nkhaniyi poyera kuti ena asagwere m'dzenje lomwelo. Ngati munthu wotere anasokonezedwa ndi mau a anthu, nanga ambuya ogona okha m'chipinda, amene aliyense wolowamo amabwera ndi uphungu wake?

Onaninso Naomi. Atabwerera ku Betelehemu wopanda mwamuna, wopanda ana, anauza azimai a mumzindamo kuti dzina lake lokoma lija alileke, azimuitana Mara, ndiko kuti kuwawa. Sitiwerenga kuti wina anamudzudzula. Rute sanamulalikire, anapita kukakunkha barele kuti m'nyumba mupezeke chakudya. Salmo 88 ndi pemphero la munthu wosauka ndi zowawa limene limathera mu mdima, popanda mau achimwemwe kumapeto, ndipo Mzimu Woyera analola kuti likhale m'Buku Lopatulika. Wodwala akanena kuti "Ndatopa, Mulungu wandiiwala", musathamangire kumutseka pakamwa ndi vesi. Mufunseni kuti usiku wagona bwanji, chikupweteka n'chiani, ndipo mudikire yankho lonse. Munthu amene waloledwa kulira pamaso pa anzake ndi amene mawa amatha kuseka nao.

Palinso kulakwa kwina kwa pakamwa kumene kumapha. Matenda a kuiwala, amene madokotala amati dementia, amaononga ubongo pang'onopang'ono. Ambuya amaiwala dzina la mdzukulu, amatuluka usiku kufunafuna nyumba imene anakhalamo ali mtsikana, nthawi zina osavala, amalankhula ndi anthu amene anamwalira kalekale. Akapezeka mbandakucha pakhomo pa eni, anthu amafuula kuti mfiti yagwa. Nkhalamba zamenyedwa ndi kuphedwa m'dziko muno chifukwa cha mau amenewa. Mai wa Chigwirizano akamva phokoso lotere, malo ake ndi pakati pa gululo ndi nkhalambayo, atamasula chitenje chake kuifunditsa.

Ambuya a pa benchi

Mwina wina akuti: ine sindine nesi, uphungu sindinaphunzire, ndikanena chiani? Mverani za ku Harare. Dokotala wa matenda a maganizo, Dixon Chibanda, anataya wodwala wake, mai wachitsikana amene anadzipha. Amake anafotokoza kuti analephera kubwerera naye ku chipatala chifukwa analibe ndalama ya basi. Madokotala a mtundu wake m'Zimbabwe monse anali owerengeka. Cha mu 2006 anayamba kuphunzitsa azimai achikulire a ku Mbare kukhala pa benchi la matabwa panja pa kiliniki ndi kumvetsera anthu olemedwa mtima. Matendawo Ashona amawatcha kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Ambuyawo sapereka mankhwala, ndipo sauza munthu chochita. Amamulola kutula mavuto ake onse, kenaka amamuthandiza kusankha limodzi lokha loti ayambe nalo, napangana tsiku lobweranso. Kafukufuku wa anthu 573 amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti itatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi, 14 pa 100 alionse ndiwo anali adakali ndi zizindikiro za kupsinjika mtima, pamene mwa olandira thandizo la masiku onse anali 50 pa 100. Ntchitoyi imatchedwa Friendship Bench, ndipo inafalikira ku maiko ena, ku Malawi komwe.

Kuno kwathu sitikuyamba chachilendo. Chipatala cha Chikankata cha Salvation Army chinayamba kusamalira odwala Edzi kunyumba kwao mu 1987, ndipo m'zaka zotsatira azimai a mipingo yosiyanasiyana mu Lusaka anayenda m'makomboni ndi sopo, magolovesi ndi ndowa, kusambitsa anthu amene abale ao anali kuopa kuwakhudza. Ena a inu amene mukuwerenga munali m'magulu amenewo. Ma ARV atabwera magulu ambiri anazilala. Luso lija lidakali m'manja mwanu, ndipo odwala sitiroko ndi khansa akulifuna: kutembenuza wodwala maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda za pa bedi, kumusambitsa mosamuchititsa manyazi, kumudyetsa atakhala tsonga kuti asatsamwe. Phunzitsani azimai achitsikana lusoli lisanakalambire m'manja mwanu.

Kwa inu amene muli pa mphasa

Phunziro lino lifikanso kwa ena amene akuliwerenga ali gone, kapena akuwerengeredwa ndi mdzukulu. Amai, zaka zambiri inu ndinu munali kunyamula ena. Kunyamulidwa n'kovuta kuposa kunyamula, makamaka kwa mai wozolowera kuti mbale za alendo zimachokera m'khitchini mwake. Ena mumabisa matenda kuti anthu asakambe, ena mumauza wantchito kuti akanene pa geti kuti mwagona. Munthu wa ku Kapernao akanachita manyazi kuonedwa akutsitsidwa padenga pamaso pa khamu lonse lija, akanafera pa mphasa yake. Tsegulani geti. Nenani chimene mukufuna mosazungulira: wondiperekeza Lachiwiri, wondiwerengera Salmo, wondiluka tsitsi.

Barzilai wa ku Gileadi anali ndi zaka 80. Davide atamuitana kuti akakhale naye ku Yerusalemu, anayankha mosabisa kuti chakudya chinasiya kumukomera, makutu analeka kumva oimba, ndipo akufuna kukafera kwao pafupi ndi manda a makolo ake. Sanadzinamize kuti adakali mnyamata. Koma ndi nkhalamba yomweyi imene inadyetsa mfumu ndi anthu ake ku Mahanaimu pothawa Abisalomu, ndipo potsazikana inapempha kuti mwai umene inaukana upite kwa Kimuhamu, amene ambiri amati anali mwana wake. Katekisma wa Heidelberg, pa funso 55, amaphunzitsa kuti chiyanjano cha oyera mtima chimapatsa wokhulupirira aliyense udindo wotumikira anzake ndi mphatso zimene analandira, ndipo sanaikepo zaka zopumira. Mai amene miyendo yakana angathe kusunga mndandanda wa maina ndi kuwapempherera m'mawa uliwonse. Angathe kuimbira foni mnzake amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi khansa, pakuti mau a munthu amene anadutsamo amalowa pamene athu salowa. Angathe kulangiza mtsikana wokonzekera ukwati ali pa bedi pomwepo. Ife ozonda tiziwapatsa mpata umenewu. Tisamangopita ndi zathu m'manja, tizipitanso kukafunsa nzeru.

Pali munthu winanso m'nyumbamo amene timamuiwala: wosamalira wodwala, mwana wamkazi, mpongozi kapena mdzukulu amene wasiya sukulu kapena msika. Timamudutsa pakhomo ndi moni chabe. Kumukhalira ndi wodwala maola atatu kuti akagone, kapena kuti apite ku tchalitchi, kumamuthandiza kuposa maheu amene tanyamula.

Zokambirana ndi zochita

Mtsogoleri agawe azimai m'magulu monga mwa madera ao.

1. Lembani maina a azimai a m'dera lanu amene sanaoneke ku Chigwirizano miyezi itatu. Ndani anafika kwao komaliza, ndipo linali liti?

2. Pa dzina lililonse lembani maina anai a onyamula, aliyense ndi sabata yake ya pa mwezi. Mmodzi mwa anaiwo akhale wodziwa tsiku la ku chipatala ndi maina a mankhwala, ngati wodwalayo walola.

3. Thumba lathu la maliro lili ndi ndalama zingati, nanga la basi yopita ku chipatala lili ndi zingati? Kambiranani ndi msungichuma.

4. Amene munadwalapo nthawi yaitali, uzani gulu mau amene anakuthandizani ndi amene anakulasani, osatchula maina.

Mapepalawo aperekedwe kwa mlembi, ndipo adzawerengedwenso pa msonkhano woyamba wa mwezi wa mawa.